Shawelo ya mabowo adala

Amayi anga anandiphunzitsa kuluka ndili ndi zaka 9, pakhonde la nyumba yathu kumudzi, m'munsi mwa phiri la Nkhoma. Singano zathu zinali masipoko a njinga ya amalume, onoledwa nsonga pamwala, mbali inayo n'kupindako pang'ono kuti masitichi asamapulumuke. Lamulo lawo linali limodzi: pa choluka pasaoneke bowo. Ndikaluka mizere isanu n'kuwapatsa, ankatambasula kansaluko n'kukaloza kudzuwa. Pakangodutsa kuwala penapake ankasolola sipoko, kumasula mpaka pamene pali bowolo, n'kundibwezera osanena kanthu. Ndinakulira m'manja amenewo, ndipo pa majuzi onse amene ana anga avala popita kusukulu, palibe ndi imodzi yomwe imene mungapisepo chala.

Ndiye mukhoza kumvetsa chifukwa chake ndinakhala miyezi iwiri osawauza kuti ndikuwalukira shawelo ya lesi, chinthu chimene luso lake lonse lagona pa mabowo.

Ganizoli linabwera chaka chatha, atabwera kudzationa kuno ku Area 25 mu Juni. Amene amakhala mu Lilongwe akudziwa mmene m'mamawa wa Juni ndi Julayi umakhalira: kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, madzi a pampopi amaluma zala, ndipo mwera ukamaomba umalowa mpaka m'mafupa. Amayi amadzuka 5 koloko, kupemphera, kenako kukhala pakhonde kudikira dzuwa. Juzi safuna chifukwa phewa lawo lamanja limawawa akamakweza mkono. Ndiye ankangofunda chitenje. Akatambasula dzanja kuti atenge kapu ya tiyi, chitenje chagwa. Akaweramira Baibulo, chitenje chagwa. Ndinawaonerera masiku atatu akukweza chitenje chomwecho, ndipo ndinadziuza kuti chisanu chotsatira chidzawapeza ali ndi chinthu chokhazikika pamapewa.

Kuno kwathu tikati shawelo, aliyense amaganiza ya mwana wakhanda, yoyera, ya ngodya zinayi, imene timanyamula popita kukaona mwana wobadwa kumene. Ya munthu wamkulu ilipo ya mitundu ingapo. Yaitali ngati mpango imaterereka chimodzimodzi chitenje. Ya ngodya zitatu imalendewetsa nsonga kumsana mpaka munthu amaikhalira, pamene kutsogolo, kumene kukufunika nsalu, mapiko ake ndi afupi. Imene ndinasankha ine ndi yokhota ngati mwezi ukangokhala kumene, uja timauona kumadzulo dzuwa litangolowa, utagona chagada ngati bwato. Pakati pake ndi potakata mokwanira kuphimba msana, ndipo mapiko ake amanka naonda, nakhotera kutsogolo. Ukaiponya pamapewa, mapikowo amagwera pachifuwa okha n'kukhala pomwepo, osafuna pini kapena mfundo.

Vuto loyamba linali ulusi. Wambiri umene timagula m'masitolo a ku Old Town ndi wa akiriliki, wopangidwa kufakitale osati wochokera ku ubweya wa nkhosa. Sindikuunyoza ayi: pa tizipewa ndi timasokosi ta ana palibe woposa umenewo, umachapika ndipo njenjete siiudya. Koma lesi imafuna wulu weniweni wa nkhosa, chifukwa umenewo ukaunyowetsa n'kuutambasula, umauma uli momwemo, mabowo ali otseguka. Akiriliki amabwerera mwakale ukangozula mapini. Wulu wochokera kunja ndinaufunsa mtengo, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya mipira itatu inkafanana ndi ya ndiwo za milungu ingapo.

Ndinapita ku kaunjika. Loweruka lina kumapeto kwa Epulo ndinalawirira ku msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, nthawi imene mabelo amakhala atangotsegulidwa. Sindinkafuna juzi yoti ndivale, ndinkafuna yoti ndiiphwasule. Ndiye juzi iliyonse ndinkaitembenuza kunja kukhala mkati n'kumayang'ana msoko. Ngati m'mbali mwake munadulidwa ndi lumo n'kupitidwa ndi ovaloko, isiyeni, chifukwa mukamasula mudzangopeza tizidutswa ta ulusi, mzere uliwonse pawokha. Yabwino ndi imene zigawo zake zinalukidwa chilichonse mwa mlingo wake n'kulumikizidwa ndi kamsoko kooneka ngati tcheni. Mnyamata wa pabenchipo anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Madamu, anzanu amaona kunja, inu mukuona mkati. Tandiuzani chimene mukufuna ndikuthandizeni." Nditamufotokozera, anapisa dzanja pansi pa mulu n'kutulutsa juzi yachimuna yaikulu, yotuwa mobiriwira pang'ono ngati nthenga za njiwa. Pachigongono inali itaperepeseka, n'chifukwa chake inatsalira. Kansalu ka m'khosi kanalembedwa kuti ndi merino yokhayokha, ubweya wa nkhosa zija zinachokera ku Spain ndipo lero zimawetedwa kwambiri ku Australia ndi ku South Africa.

Zolembedwa sindizikhulupirira ndisanayese. Nditafika kunyumba ndinadula kaulusi n'kukayatsa ndi machesi. Wulu weniweni umanunkha ngati tsitsi lopserera, suchedwa kuzima, ndipo chotsala chake chimafumbutuka ukachitikita ndi zala. Akiriliki amasungunuka n'kusiya kanjere kolimba ngati pulasitiki. Wanga unanunkha tsitsi, mtima unakhala pansi.

Kuphwasula kunanditengera madzulo atatu. Msoko wa tcheni uja ukaupeza nsonga yoyenera umangosololoka wokha, tharrr, mpaka kumapeto. Zigawo zimamasuka kuchokera pamwamba kutsika pansi. Ulusiwo umatuluka wopotanapotana, ndiye ndinaukulunga pa miyendo ya mpando wotembenuza, kuumanga malo anayi kuti usasokonekere, kuuviika m'madzi ozizira a shampu pang'ono, n'kuupachika pamthunzi kuseri kwa nyumba. Osaufikisa, osauthira madzi otentha, chifukwa wulu ukatero umagwirana n'kusanduka chikumba. Utauma ndinauyeza pa sikelo yanga yophikira makeke: magalamu 280. Unali woonda kwambiri, choncho ndinaganiza zolukira pamodzi nsonga ziwiri.

Singano zowongoka sizinganyamule masitichi 300. Pamafunika ija ya nsonga ziwiri zolumikizidwa ndi chingwe chofewa. Yanga ndi ya mamilimita 4, yotalika masentimita 100, ndipo anandibweretsera ndi msuweni wanga amene amapita ku Johannesburg pa basi kukaoda katundu. Kwa ulusi woonda chonchi singano imeneyi ndi yaikulu, koma n'zadala: lesi imafuna nsalu yomasuka, osati yothinana ngati ya juzi.

Tsopano za kakhotedwe, pakuti apa ndi pamene mutu wanga unagwira ntchito kwambiri. Shawelo imeneyi imayambira pakhosi, pa kachinthu kochepa ngati chikhadabo. Mumaika masitichi 3, kuluka mizere 6 ya puleni, sitichi wamba lija, kenako kutola ena 3 m'mbali mwa kansaluko ndi ena 3 pamene munayambira. Onse pamodzi 9. Kuchokera pamenepo nkhani yonse ndi yakuti mukuwonjezera angati, komanso pati. Ya ngodya zitatu imawonjezera masitichi 4 pa mizere iwiri iliyonse: awiri pakati, pamene pamapanga mzere wa msana, ndi limodzi mbali iliyonse. Ya mwezi imawonjezera 6 pa mizere iwiri, ndipo onsewo m'mbali mokhamokha, pakati osakhudzapo. Pa mzere wa kumaso ndinkawonjezera awiri kumanja ndi awiri kumanzere, pa mzere wa kumbuyo limodzi uku limodzi uku. Popeza m'mbali mukukula msanga kuposa mmene pakati pakutalikira, mapikowo alibe kwina kopita koma kukhotera m'mwamba. Ndinazimvetsa bwino nditakumbukira mmene azakhali ankalukira lichero: ukathinitsa kuno n'kumasula uko, chinthu chimapinda chokha.

Ulendo woyamba sunayende. Nditafika mzere wa 30 ndinayala chimene ndaluka patebulo, ndipo pakati penipeni, pamene payenera kugona pakhosi, panali potukuka ngati linunda la ng'ombe. Ndinayesa kupasalaza ndi dzanja, linunda osachoka. Chifukwa chake ndinachipeza nditakoka m'mphepete: munali mothina ngati lamba. Nsalu ya mkati inkakula msanga, koma masitichi atatu a m'mphepete, amene amadzakhala mkombero wa pakhosi, sankatalika mofanana nayo, ndiye ankaikoka n'kuitukula pakati. Ndinamasula zonse. Ulendo wachiwiri ndinachita kanzeru kamene ndinaona kwa mayi wina pa YouTube: mukaluka sitichi loyamba la mzere, kolekani ulusi pa singano kamodzi, ndipo pobwerera ulusi wokolekawo muugwetse osauluka. Suwonjezera sitichi, umangopatsa m'mphepete mpata wopumira. Linunda silinathe kotheratu, koma linatsala laling'ono, loti madzi ndi mapini adzalimaliza.

Za mizere 100 yotsatira palibe zambiri zoti ndinene. Puleni kupita, pelo kubwerera (pelo ndi sitichi lotembenuza la puleni). Ndinkalukira m'minibasi pamene tikudikira kuti idzaze, pa nthawi ya nkhomaliro kuntchito, ndi usiku ana akagona. Mzere woyamba sunkatha ndi mphindi imodzi yomwe, womaliza unkadya mphindi 20. Pa mzere wa 100 ndinawerenga kawiri: masitichi 309, monga masamu ananenera, 9 oyamba aja kuphatikiza 6 kuchulukitsa ka 50.

Apa ndiye panayambira lesi, ndipo apa ndi pamene ndinayenera kuphwanya lamulo la amayi ndi manja anga. Bowo la lesi limapangidwa pokoleka ulusi pa singano osaulowetsa m'sitichi lililonse. Pobwerera mumauluka ngati sitichi, ndipo pansi pake pamatsala kazenera. Ndi cholakwa chenicheni chija ndinkachita ndili mwana, ulusi ukatsalira kutsogolo mosadziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti pa lesi bowo lililonse lili ndi mnzake: mukawonjezera limodzi pokoleka, mumachotsa limodzi pena pophatikiza masitichi. Mabowo amajambula, kuphatikizako kumapendeketsa mizere kumanja kapena kumanzere, ndipo ziwirizi zikamayenda limodzi pamatuluka tsamba, funde, kapena nthenga.

Patani imene ndinasankha ndi yakale, yochokera ku zilumba za Shetland kumpoto kwa Scotland, ndipo kumeneko amaitcha dzina la chitsulo chimene amakhomera kuphazi kwa hatchi. Kwa ine imaoneka ngati mamba a chambo. Imabwereza pa masitichi 10 aliwonse ndi mizere 8. Mzere wake woyamba umati: koleka, luka 3, phatikiza atatu akhale limodzi, luka 3, koleka, luka 1. Werengani muona: mabowo awiri alowa, masitichi awiri atuluka, 10 akhalabe 10. Pa mzere wa kumaso wotsatira mabowo aja amasendera sitepe imodzi kulowera pakati, kenako ina, mpaka akumana, ndiye mamba amodzi atha, ena ayamba. Pa masitichi anga 309 ndinachotsapo 6 a m'mphepete, kutsala 303. Ndinaphatikiza awiriawiri malo awiri mwakachetechete kuti akhale 301, ndiye kuti magawo 30 a masitichi 10, ndi limodzi lotsekera.

Pakati pa gawo ndi gawo ndinaikapo kamphete kodula ku sitirowo yomwera zakumwa. Timpheteti tinandipulumutsa kambirimbiri, chifukwa ukafika pa kamphete uli ndi 9 kapena 11, umadziwa kuti cholakwa chili pafupi, m'masitichi khumi omwewa, osati kwinakwake m'nyanja ya 300. Chinthu china chimene ndikulangiza aliyense woyamba lesi ndi ichi: mukamaliza mizere 8, tengani singano yosokera ndi ulusi woterera wa mtundu wina, muupititse m'masitichi onse ali pa singano, n'kuusiya momwemo. Ine ndinagwiritsa ntchito ulusi wakuda uja timamangira tsitsi. Lesi ikamasuka siili ngati juzi imene mungatole masitichi mosavuta. Mabowo amathawa, ophatikiza amabalalika, ndipo simudziwanso kuti mzere unali pati.

Ulusi wakudawo unagwira ntchito yake usiku wina magetsi atazima. Ndinali ndi changu, ndiye ndinapitiriza ndi tochi ya foni nditaitsamiritsa ku botolo. Pa gawo lina ndinaiwala kukoleka, pa lina ndinaphatikiza masitichi olakwika, ndipo popeza chiwerengero chinkakwanabe mwangozi, timphete sitinandichenjeze. Ndinaziona patatha masiku awiri, masana: mamba atatu anali atapindika, mzere wa pakati utathyoka ngati msana wa nsomba youma. Ndinakhala nayo pamiyendo nthawi yaitali. Kenako ndinasolola singano n'kumasula mizere 6, masitichi oposa 1,800, mpaka anaima okha pa ulusi wakuda uja, onse ali pamzere kudikira kutoledwa. Chichokereni tsikulo, magetsi akazima ndimaluka zipewa.

M'masiku amenewo ndinkawerenga za amayi a ku Shetland pafoni ndisanagone. Pa chilumba cha Unst ankapota ulusi woonda kwambiri kuchokera ku ubweya wofewa wa pakhosi pa nkhosa, n'kuluka mashawelo aakulu oti amadutsa m'mphete ya ukwati. Ku Haapsalu, m'dziko la Estonia, amaikamo timfundo totupa ngati njere za mapira, timene timaonetsa kuti ndi ntchito ya manja osati ya makina. Ku Orenburg, ku Russia, amalukira ubweya wa mbuzi. Ambiri mwa mashawelo akale amenewa ndi a ngodya zinayi kapena aatali. Okhota ngati mwezi atchuka masiku ano, oluka atayamba kugawana mapatani pa intaneti, pa malo ngati Ravelry amene anayamba mu 2007. Chimene chinandikhudza si kukongola kwake kokha. Amayi amenewo ankaluka kuti agulitse, kuti pakhomo papezeke chakudya, chimodzimodzi amayi a kwathu amene amaluka madoyilo ndi tizovala ta makanda. Ndipo ndikudziwa mmene wogula amachitira ndi ntchito ya manja. Mnzanga wina wa kuntchito ataona shaweloyi anafunsa kuti ndingamulukire pa zingati. Ndinawerenga: masitichi oposa 25,000, maola pafupifupi 60, osawerengera kuphwasula juzi. Ndikanatchula mtengo woyenera maola amenewo akanaona ngati ndamutukwana, ndikanatchula umene amayembekezera ndikanadzibera ndekha. Ndinamuuza kuti yogulitsa sindiluka, koma ngati akufuna kuphunzira abwere Lamlungu masana. Wabwera kawiri.

Amayi anachitidwa opaleshoni ya ng'ala kuchipatala cha Nkhoma kumapeto kwa Juni, ndipo mlongo wanga anabwera nawo kuno kuti adzapume kwa ine. Ndinkafuna adzapeze shawelo itatha, koma kumasula kuja kunandibweza m'mbuyo. Tsiku lachiwiri, titakhala pakhonde, diso lina lili lotchinga, linalo likuona mwachimbuuzi, anamva kulira kwa singano.

"Ukuluka chiyani, mwana wanga?"

"Shawelo, amayi."

"Ya mwana wa ndani?"

"Yanu."

Anatambasula manja, ndinawapatsa. Anayamba kuipapasa kuchokera pakhosi, kumene kuli puleni, akugwedeza mutu movomereza. Zala zitafika pa lesi zinaima. Chala chimodzi chinalowa m'bowo, kenako m'bowo lina.

"Iwe, masitichi akugwa apa. Sukuona?"

"Sakugwa, amayi. Ndi mabowo adala."

"Adala?"

"Eya, ndi maluwa ake."

Anakhala chete, zala zikuyendabe. Kenako anati, "Nanga mphepo izidzalowera pomwepa, ine n'kumati ndafunda?" Ndinafuna kufotokoza kuti wulu umasunga kutentha chifukwa cha mpweya umene umakodwa pakati pa ubweya wake, kuti mbali yophimba msana ndi yosaboola, kuti lesi ili m'mphepete mokha. Koma ndinaona kuti si nthawi yake. Amayi anaphunzira kuluka kwa amayi a Chigwirizano ali mtsikana, ndipo aluka zaka zoposa 50 osawerengapo patani ya papepala, kungoona juzi ya munthu kutchalitchi n'kukaibwereza kunyumba. Munthu wotero sungamugonjetse ndi mawu. Ndinangoti, "Dikirani ithe." Anandibwezera, n'kukweza chitenje chawo chimene chinali chitagwanso.

Ndinamaliza mamba anayi, mizere 32, mlungu wotsatira. Kutseka kumafuna dzanja lomasuka kwambiri, chifukwa m'mphepetemu ndi mmene mudzakokedwe koposa. Ndinkaluka awiri, kuwabweza n'kuwalukira pamodzi, kuluka lina, kuwaphatikizanso, mpaka onse 307 anatha. Zinanditengera madzulo athunthu. Sitichi lomaliza litachoka pa singano, chimene chinali pamiyendo panga chinali chinthu chokhwinyata, chaching'ono, chopiringizika m'mbali ngati chinkhupule. Mwana wanga wamkazi anachinyamula n'kufunsa ngati chidzawakwane agogo. Lesi yonse imaoneka choncho isanalowe m'madzi, ndipo amene sanauzidwe akhoza kutaya mtima pa sitepe yomaliza.

M'mawa mwake ndinaiviika m'beseni la madzi ozizira kwa theka la ola, mpaka ulusi unamwa n'kumira wokha. Ndinaitulutsa ndi manja awiri ngati khanda, osaipotokola, ndinaikulunga m'thaulo n'kupondaponda kuti madzi atuluke. Kenako ndinachotsa zofunda pa matiresi a chipinda cha alendo, kuyalapo nsalu yoyera, n'kuyamba ndi mapini. Pini loyamba pakati pa khosi, pamene panali kalinunda kaja, kukasalaza ndi chikhatho mpaka kanagona. Mkombero wa pamwamba musauwongole ngati mzere wa rula, ulekeni ukhote mmene ukufunira, apo ayi mwezi uja usanduka uta wothyoka. Kenako pansi: nsonga ya mamba aliwonse ndinkaikoka n'kuikhomera pini lake, kuyambira pakati, limodzi kumanja limodzi kumanzere, kuti mbali ziwiri zifanane. Wulu wonyowa umatambasuka moopsa, umaona ngati uduka, koma suduka. Ndipo pini lililonse likamalowa, mabowo amatseguka pamaso pako, mamba n'kuonekera, mzere wa pakati uli chilili. Ndinagwada pamenepo ola lathunthu osamva mawondo. Nditayeza inali masentimita 160 kuchokera nsonga kufika nsonga, ndi 43 pakati. Ndinatseka mawindo chifukwa cha fumbi la Julayi, ndipo ndi kuuma kwa mpweya wa nyengo ino, pofika m'mawa inali itauma gwa.

Pa nthawiyi n'kuti diso la amayi litatsegulidwa kale, ndipo tsiku lililonse ankadabwa ndi china: kuti khoma la mpanda lili ndi ming'alu, kuti mdzukulu wawo ali ndi kachipsera pachipumi. Ndinazula mapini 5 koloko isanakwane, n'kukawaveka ali pampando wawo pakhonde. Mapiko anagwera pachifuwa monga ndinkafunira. Anatenga kapu ya tiyi, shawelo ili pompo. Anawerama kutola ndodo yawo, ili pompo. Sananene kanthu, nanenso sindinafunse.

Dzuwa litatuluka pamwamba pa denga la aneba, anaivula. Anaigwira m'mapiko n'kuitambasula, kuiloza kudzuwa, ndendende mmene ankachitira ndili ndi zaka 9. Kuwala kunadutsa m'mabowo onse n'kugwera pankhope pawo ndi pabulauzi timadontho timadontho. Anaiyang'ana kuchokera kumanzere, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, ndipo ndinazindikira kuti akuwerenga. Atafika chakumapeto kwa phiko lamanja anaima n'kuikapo chala.

"Apa bowo ili lasemphana ndi anzake."

Ndinayang'anitsitsa. Zinali zoona. Pa mamba achitatu, gawo lachiwiri kuchokera kumapeto, bowo limodzi linali litasendera sitichi limodzi kunja. Ine ndinali nditaidutsa shaweloyi ndi maso kambirimbiri, pa singano ndi pa matiresi, osaliona.

"Ndimasule, amayi?"

"Ayi, watseka kale. Lisiye." Anaivalanso okha, n'kukonza mapiko. Patapita kanthawi anati, "Ndiye kuti lililonse lili ndi malo ake. Ukaboola kuno, umabweza kuti?"

Ndinalowa m'nyumba kukatenga singano ndi ulusi wotsala. Ndinaika masitichi 21, magawo awiri ndi limodzi lotsekera, n'kukhala pambali pawo. Ndinawaonetsa kukoleka, ndinawaonetsa kuphatikiza atatu. Mzere umodzi wokha, basi anati ndiwapatse. Dzanja lawo linakana kaye. Pofika pokoleka, chala chinkabweza ulusi kumbuyo chokha, monga chachitira zaka 50, ndipo ankachita kuchiletsa. Pa mzere wachitatu chinazolowera. Pepala la patani sanalifune. Ankangoyang'ana pa shawelo imene avala, kenako pa singano, ndipo pofika nthawi ya phala la ana anali atamaliza mamba awiri, ogona bwino kuposa anga oyamba.

Anakhala nafe mpaka pakati pa Ogasiti. Tsiku lobwerera ndinawaperekeza kudepoti kukakwera minibasi ya ku Nkhoma, ija imakhotera pa Kamphata. Shawelo anaivala pamwamba pa bulauzi, ndipo ndinawauza kuti akamaisunga aziichapa kaye n'kuiika m'thumba lotseka chifukwa cha njenjete, komanso kuti ikachapidwa iziyalidwanso ndi mapini. M'chikwama chawo munali ulusi wonse wotsala, magalamu pafupifupi 140, timphete ta sitirowo m'kabotolo ka mankhwala, ndi singano yanga ya chingwe. Akuti Lachinayi akaonetsa anzawo a Chigwirizano, ndipo pali mdzukulu wa mayi wina amene akuyembekezeka mu Okutobala. Msuweni wanga anyamuka ulendo wa ku Johannesburg mlungu wamawa, ndamutuma singano ziwiri, ya mamilimita 4 ndi ya 3.5, pakuti pansi pa bedi pali kale juzi ina yofiirira imene mnyamata wa ku Tsoka uja anandisungira.